Ofuna Mng'ono Wanga Ankapeza Mwera

Shopu yanga ili kuseri kwa msika wa pa boma la Mangochi, pafupi ndi pomwe akabaza amadikirira anthu otsika minibasi. Ndi kachipinda kamodzi basi: makina a fotokope pakhomo, tebulo langa lotayipira pakona, ndi makompyuta akale ondanda kukhoma. Masiku ano pafupifupi aliyense ali ndi foni, koma foni sipulinta, ndipo bandulo sichedwa kutha. N'chifukwa chake anthu amabwerabe kwa ine: ofunsira ntchito, aphunzitsi, ana a sukulu odzaona zotsatira za mayeso, anyamata okonza mapepala a ulendo wa ku Joni.

Netiweki ya kuno ndi yaulesi, makamaka dzuwa likafika pamutu. Tsamba limodzi limatha kuzungulirazungulira mpaka munthu kuiwala chomwe amafuna. Choncho ndinadziphunzitsa ndekha, powerenga pa intaneti pomwepo, kuika kapulogalamu kakang'ono mu bulawuza, ija timatsegulira masamba. Odziwa amakatcha ekisitenshoni. Ntchito yake njosavuta kumva. Umakauza kuti munthu akadina linki yakuti, usapite naye kumeneko, umukhotetsere kwakuti. Ine ndinkakatuma pa masamba olemera ndi mavidiyo ndi malonda, kuti kazipititsa anthu ku masamba opepuka a nkhani zomwezo. Palibe ankadziwa kuti kalipo, palibenso ankadandaula.

Mng'ono wanga, wondiponda pamutu, ankaphika pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, chakufupi ndi Nkope. Mwamuna wake anapita ku Joni mwana wawo wachiwiri asanayambe kuyenda, ndipo pa nthawi ya nkhaniyi mwanayo anali atayamba kale madarasa. Foni yochokera kumeneko inkalira mwa apo ndi apo. Ntchitoyo mng'ono wanga anaipeza yekha, ndipo akuchimuna sanaikonde kuyambira tsiku loyamba. Ankati mkazi wapabanja akufunanji pa loji, ngati kuti mpunga wa pa loji umapsa mosiyana ndi wa pakhomo.

Tsiku lina nthawi yachisanu anabwera ku boma kudzagula ndiwo pa galimoto ya kuntchito. Potsika kumbuyo kwa galimotoyo anaterereka, mpango n'kumuvuka kugwera m'mapewa. Dalaivala anamugwira dzanja kuti asagwe, onse awiri akuseka. Wina anali chapatali ndi foni m'manja. Sindikumudziwa mpaka lero.

Ine ndinazidziwira m'shopu mwanga momwe. Anyamata angapo anaunjikana pa kompyuta imodzi, akukodolana ndi kuseka chamumtima. Nditayandikira kuti ndiwauze kuti mpando ndi wa munthu mmodzi, onse anasiya kuseka. Pa sikirini panali nkhope ya mng'ono wanga, tsitsi lili pamtunda, dzanja lake lili m'dzanja la mwamuna. Linali tsamba lina la miseche ya m'boma muno, lomwe eni ake sadziwika nkhope. Pamwamba pa chithunzicho analembapo kuti, "Abambo ali ku Joni, amayi ali pa loji." Pansi pake ndemanga zinali zitayamba kale kuchulukana ngati nyerere pa nzimbe yotafunidwa.

Mmodzi wa anyamatawo, yemwe mwina sankadziwa kuti ndife a mimba imodzi, anandifunsa kuti, "Mayi, mungandipulintire chimenechi?"

Ndinazimitsa kompyutayo pa soketi. Anatuluka mmodzimmodzi, osanditsanzika.

Ndinalembera eni tsambalo kuwapempha kuti achotse chithunzicho. Sanayankhe. Ndinadina malo onse odandaulira amene ndinawapeza, koma kunali ngati kuponya mwala mu Shire. Ndinamuimbira mng'ono wanga. Anali atamva kale, mawu ake anali ouma.

"Ndili pamoto achemwali, alendo akudikira chakudya," anatero, n'kudula.

M'mawa mwake, ndisanatsegule chitseko, ndinakhala pa kompyuta yoyamba n'kutsegula kapulogalamu kanga kaja. Ndinakopera linki ya chithunzicho, ndinakoperanso ya tsamba lonselo, n'kuziika pamalo polemba kochokera. Pamalo polemba kopita ndinaima kaye. Ndiwatumize kuti anthu amenewa? Ndinaganiza zowatumiza ku tsamba lopanda kanthu, koma ndinaona kuti adzangoti netiweki yavuta. Ndinaganiza za tsamba la ulaliki, koma sindinafune kusandutsa mawu a Mulungu chikwapu cha mkwiyo wanga. Panja mphepo inali ikugwedeza malata a msika. Unali mwera, uja umagwetsa mabwato. Ndinakumbukira tsamba lina la zanyengo lomwe limaonetsa mphepo ya panyanja ndi timivi toyendayenda. Ndinalemba limenelo. Ndinachita chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse, kenako n'kutsegula chitseko ndi kusesa pakhomo monga mwa masiku onse.

Woyamba kugwa mu msamphawo anali bambo wina wogulitsa usipa wouma, kasitomala wanga wakale. Anakhala pansi, anatulutsa foni, anakopera linki mosamala chilembo ndi chilembo. Timivi ta mphepo tinatulukira. Anabwerera, n'kuyesanso. Timivi. Anasamukira pa kompyuta ina. Timivi tomwe tija.

"Mayi, makina anuwa adwala," anatero.

"Adwala bwanji, bambo?"

"Akungondionetsa mphepo."

"Inu mumafuna kuona chiyani? Ndiuzeni ndikuthandizeni."

Anandiyang'ana, anayang'ana sikirini, anakanda m'mutu pansi pa kofiya. "Ayi, palibe kwenikweni," anatero.

Apa mpamene ndinazindikira mphamvu ya chomwe ndinachita. Panalibe munthu wotha kutchula ndi pakamwa pake chomwe wabwerera. Aliyense ankafuna kuona, koma palibe ankafuna kunena kuti, ndabwera kudzaonera mng'ono wanu. Ena ankangonyamuka mwakachetechete. Ena ankanamizira kuti nkhani ya mphepoyo ndi yomwe amafuna, n'kumaiyang'ana mwachidwi chabodza mpaka nthawi yawo kutha. Bambo wina mwini khoka la chilimira anaiwerengadi, anatuluka panja n'kuimbira alovi, asodzi ake aja, ku Monkey Bay kuti asalowe m'madzi tsiku limenelo. Pobwerera anandithokoza, osadziwa kuti ndamudziwa chomwe chinamubweretsa.

Sindinadzinamize kuti ndatseka pakamwa pa boma lonse. M'mafoni chithunzicho chinkayendabe. Ena anachikopera ku masamba ena, ndipo linki yatsopano iliyonse yomwe ndaipeza ndinkaiwonjezera. Zinali ngati kukapa madzi m'bwato lobowoka. Koma ndinanena mumtima kuti mtsinje wonse sindingautchinge, chomwe ndingathe n'chakuti pa makina ogulidwa ndi thukuta langa, pansi pa denga langa, mwana wa mayi anga asavulidwe mpango kachiwiri.

Sipanatenge nthawi kuti anthu adziwe kuti si matenda a makina. Mphekesera inayenda mumsika kuti mayi wa fotokope uja amatchera makompyuta. Ena ankati ndimaona zonse zomwe munthu akulemba, zomwe zinali zabodza. Mipando inayamba kukhala yopanda anthu. Ambiri anasamukira ku shopu ina ya kufupi ndi mlatho. Masiku ena ndinkangokhala ndikumvera feni ikulira, koma linki sindinachotse ngakhale imodzi.

Lachisanu lina, anthu atangotuluka mu mzikiti, kunabwera amalume ake a mlamu wanga. Ndiwo ankayendetsa nkhani zonse za kuchimuna, ndiwonso anali nkhoswe tsiku la ukwati. Anali atavala mkanjo woyera wosita bwino, akununkhira mafuta a ku swala. Anapereka salamu, ndinayankha, ndinawapatsa mpando.

"Tabwera ndi kantchito," anatero, akutulutsa foni. "Mphwathu watitumizira ichi kuchokera ku Joni. Tikufuna chituluke pa pepala lalikulu, chamitundu. Lamlungu tili ndi bwalo la ankhoswe."

Shopu ya ku mlatho ankaidziwa bwino lomwe, ndipo ili pafupi ndi kwawo kuposa yanga. Anabwera dala kwa ine, kuti manyazi a mng'ono wanga atuluke m'makina a mkulu wake.

"Kompyuta ndi iyo, bambo," ndinatero.

Anakhala pansi, ndipo mwana wa sukulu yemwe anali pambali pawo anawathandiza kulemba linkiyo. Mwera unatulukira. Sanadabwe. Zikuoneka kuti anali atamva kale.

"Ndiye ndi zoona zomwe akunena anthu."

"Ndi zoona. Ndinachita ndine."

"Chotsani."

"Sindichotsa."

Anapumira m'mwamba, n'kundilozera foni. "Chabwino. Chithunzicho chilimo muno. Lumikizani ndi chingwe, mupulinte kuchokera mufoni."

"Ngakhale zimenezo sindichita, bambo."

"Mayi, iyi ndi bizinesi. Munthu akabwera ndi pepala mumafunsa kuti ndi la chiyani?"

"Sindifunsa. Koma ili ndikulidziwa."

Mawu awo anakwera. Anthu odutsa anayamba kuima pakhomo, akabaza awiri anatsamiritsa njinga zawo kukhoma kuti amve bwino. Amalumewo anati ndikubisa tchimo, ndipo wobisa tchimo ndi wochita tchimo ndi amodzi. Anati banja lathu lonse ndi lamwano, kuyambira malemu mayi athu. Pamenepo ndinaimirira.

"Tchimo lake ndi liti pa chithunzipo?" ndinafunsa. "Kutsika galimoto? Inu mwangochoka ku mzikiti. Mukudziwa kuposa ine kuti kunenera mkazi nkhani yotere kumafuna mboni zoona ndi maso, osati foni ya munthu wobisala."

"Musatiphunzitse chipembedzo, inu."

"Sindikukuphunzitsani. Ndikungokuuzani kuti muno sichituluka."

"Tikauza ashehe. Tikauza anthu onse kuti asamapondenso muno."

"Kawauzeni. Mukawauzenso chomwe munabwerera."

Anatuluka mkanjo ukukupiza, anthu a pakhomo n'kuwapatukira. Ndinamva pambuyo pake kuti anakapulinta ku mlatho, pa pepala lonyezimira. Sindinapambane kanthu tsiku limenelo. Nditatsala ndekha ndinakhala pansi kuseri kwa makina a fotokope, n'kulira pang'ono ndi ukali, kenako ndinasamba kumaso chifukwa kunabwera mphunzitsi ndi mapepala a mayeso.

Lamlungu m'mamawa mng'ono wanga anafika kuchokera ku Nkope. Sindinkatsegula Lamlungu, koma anandipempha kuti tidutsire ku shopu tisanapite ku bwalo. Anali ataonda. Anavala diresi yake yobiriwira ya pa Idi, ndipo mpango anaumanga molimba mpaka kukhwinyitsa chipumi. Anakhala pa kompyuta, analemba linki ija pamtima. Timivi titatulukira anayang'anitsitsa, kenako anaphulika kuseka. Kanali koyamba kumumva akuseka chichitikire nkhaniyo.

"Ndiye mwera wake ndi umenewu? Mpaka ku Nkope akuukamba."

"Ndi womwewo."

Anapukuta misozi ya kuseka ndi nsonga ya mpango. Kenako nkhope inasintha.

"Achemwali, tsegulani. Ndikufuna ndione."

"Chithunzicho unachiona kale."

"Chithunzi ndinachiona. Zolemba anthu sindinawerenge, foni yanga sitsegula. Ndikufuna ndiwerenge zonse."

"Ayi. Mulibe chabwino mmenemo. Ukufuna ukafike ku bwalo mtima utasweka kale?"

Anatembenuza mpando n'kundiyang'ana m'maso. "Amuna anga andisankhira choti ndikhale. Amalume awo andisankhira mlandu. Inunso mukufuna kundisankhira choti ndione?"

Mawu amenewo anandilasa kuposa onse a amalume aja. Ndinawerama, n'kuzimitsa kapulogalamuko pa kompyuta imeneyo yokha.

Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa mausi, milomo ikuyenda. Ine ndinaima pakhomo nditamufulatira. Mwa apo ndi apo ankatchula yemwe wamuzindikira. Uyu tinali naye kalasi imodzi. Awa ndinawaphikira pa ukwati wa mwana wawo, osalandira kanthu. Uyu amandipempha ndiwo zotsala ku loji. Ambiri analemba ndi maina abodza, koma kalembedwe ka munthu sikabisika kwa yemwe anakula naye. Sanalire. Atafika kumapeto anati, "Ndipulintireni."

"Chiyani?"

"Chithunzicho. Chimodzi chokha. Chachikulu."

Ndinali nditakana theka la boma, ndinali nditakana nkhoswe pamaso pa anthu. Koma uyu anali mwini nkhope. Makina analira, pepala linatuluka lofunda, iye analipinda pakati n'kuliika m'chikwama.

Bwalo linachitikira pakhonde la amalume athu, kuseri kwa boma, njira yopita ku Namwera. Amuna anakhala pa mipando, ife akazi pa mphasa. Foni ya akuchimuna anaiika pa tebulo pakati, ataikweza mawu, kuti mlamu wanga azimva ndi kuyankha ali ku Joni. Mapemphero atatha, amalume a kuchimuna anayamba kufotokoza mozungulira, dzanja likupita ku envulopu yomwe inali pamiyendo pawo.

Mng'ono wanga sanadikire. Anayenda chogwada mpaka pa tebulo, anatambasula pepala lake pambali pa foni, n'kulisalaza ndi chikhatho.

"Pepani akuluakulu, ndisakutayitseni nthawi," anatero. "Chithunzi chake ndi ichi. Uyu ndine. Dzanja ili ndi la adalaivala a kuntchito kwathu. Ndinkatsika galimoto, ndinaterereka, anandigwira. Ndinaseka chifukwa ndinatsala pang'ono kugwera mu dengu la tomato. Pali funso lina?"

Envulopu ija inakhala yosatsegulidwa. Amalume athu anatsokomola. Mufoni munamveka mawu a mlamu wanga, akutali ndi odukaduka, akuti anzake onse kumeneko achiona, akumuseka, ndipo iye sangayendenso mutu uli m'mwamba. Anati akhoza kukhululuka ngati mkaziyo asiya ntchito lero lomwe n'kukakhala kwa apongozi ake mpaka iye atabwera.

"Mubwera liti?" mng'ono wanga anafunsa.

Foni inangoti phwaa, phwaa. Kenako, "Zikayenda."

"Chithunzi chitakupezani, munaimbira amalume anu. Munaimbira mayi anu. Munaimbira anzanu. Ine mwini wake simunandiimbire kuti mundifunse. Mwana wanu wamng'ono akamva mawu anu amafunsa kuti awa ndi ndani. Ntchito sindisiya. Ngati ukwati wake ndi umenewu, ndipatseni talaka yanga, tisiyane."

Pakhondepo panabuka phokoso. Azakhali ena anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti, "Muletseni mng'ono wanuyo, wapenga." Ndinawayankha mokweza, kuti aliyense amve, kuti sanapenge, ndipo ngati pakufunika womuperekeza kwa ashehe ndilipo. Amalume a kuchimuna anandiloza chala n'kunena kuti fitina yonseyi gwero lake ndine. Ndinawauza kuti ine sindinajambule munthu, sindinalembe ndemanga, ndipo pepala lomwe lili pa tebulo ndapulinta atandituma mwini wake.

Nkhaniyo sinathe tsiku limenelo. Inatenga miyezi, anthu akupita uku ndi uku, ena akunyengerera, ena akuopseza. Pamapeto pake ukwati unatha. Ana anatsala ndi mayi awo monga mwa mwambo wathu, ndipo mng'ono wanga akuphikabe pa loji pomwepo. Sindinganene kuti zinali zokoma. Pali abale omwe mpaka lero sitipatsana moni wa pamtima, ndipo mwana wamkulu anavutika nazo kusukulu nthawi yaitali. Tsamba la miseche lija silinapepese. Linangopeza munthu wina womudya.

Makasitomala anabwerera pang'onopang'ono, chifukwa ku mlatho inki imatha kawirikawiri. Ena anabwera ndi zopempha zatsopano. Namwino wina anandibweretsera linki ya chithunzi chake chomwe chibwenzi chake chakale chinamwaza. Bambo wina wochokera kumalire a Mozambiki, wolankhula Chichewa chosakaniza, anaima pakhomo nthawi yaitali asananene kuti mwana wake wamkazi wanyozedwa pa tsamba lomwe lija. Onsewo ndinawaikira malinki awo mu kapulogalamu kaja. Koma kunabweranso bambo wina wamalonda yemwe nyuzipepala inalemba kuti anamenya wantchito wake mpaka kumugoneka m'chipatala. Ankafuna kuti nkhaniyonso izikhotera kwina. Ndinamufunsa ngati anamumenyadi. Anati zimenezo si zanga. Ndinamuuza kuti ndiye linkiyonso si yanga, ikhala momwe ilili.

Chinthu chimodzi ndinasintha. Ndinaona kuti sibwino kumukhotetsa munthu mwamseri ngati mbuzi yomangidwa m'maso. Ndinatayipa chidziwitso ndi zilembo zikuluzikulu n'kuchimata kukhoma pamwamba pa makompyuta: "Masamba a miseche ndi zithunzi zonyozetsa anthu satseguka muno. Wozifuna, mashopu ena alipo."

Mwezi wathawu kunabwera mnyamata wina wovala tayi, wooneka kuti wangomaliza kumene ku koleji. Anaima n'kuwerenga chidziwitsocho kawiri, manja ali m'thumba.

"Mayi, intaneti ndi ya aliyense," anatero. "Amaweruza ndani kuti uwu ndi mseche, iyi ndi nkhani?"

"Kunja uko sindikudziwa, achimwene," ndinamuyankha. "Muno ndimaweruza ndine."

Anandiyang'ana kanthawi ngati akufuna kupitiriza mtsutso. Kenako anakoka mpando, anakhala pansi, n'kundifunsa ngati ndingamuthandize kukonza kalata yake yofunsira ntchito.